Ruthenium sagwira ntchito yekha

Zikomo pa nkhaniyi, koma pomwe mwalemba kuti chitsulo cha ruthenium ndiye amachita zonse mu ma solar a utoto aja, omwe utoto ndi umene umamwa kuwala kuti apange magetsi, mwamupatsa ulemu wa anzake. Iye amangokhala pakati pa molekyu ya utotowo. Ma ligand, timamolekyu tomugwira mbali zonse, ndiwo amasankha mtundu wa kuwala komwe amwe ndi komwe electron idumphire.

Tengani ruthenium wokhala ndi ma ligand atatu otchedwa bipyridine: ndi wa olenji, amamwa kuwala kwa buluu cha pa 450 nm, koma pa titanium dioxide, pomwe utoto umapakidwa kuti uperekepo ma electron, samamatira. Gulu la Michael Grätzel ku Lausanne, lomwe lidatulutsa solar yotere mu 1991, lidalumikiza carboxylic acid pa bipyridine kuti utoto ukakamire ngati nkhupakupa pa ng'ombe, ndipo lidaika ma ligand ena awiri, ma thiocyanate, kuti umwe kuwala kofiirira. Utoto wa N3 ndi umenewo. Pa utoto wina wotchedwa Z907 adawonjeza michira iwiri ya makaboni 9 yothamangitsa madzi, poti chinyezi chimamatula utoto.

Ine mtima wanga uli pa ayironi, wotchipa, wopezeka paliponse. Vuto lake, akagwiridwa ndi bipyridine mphamvu ya kuwala yomwe wamwa imathawa picosecond (gawo limodzi mwa magawo triliyoni a sekondi) isanathe. Ku Lund, ku Sweden, gulu la Kenneth Wärnmark lidamumanga ndi ma carbene, ma ligand ogwira mwamphamvu, ndipo pofika 2019 adafika posunga mphamvuyo ma nanosecond 2 (ma picosecond 2,000). Ruthenium amasunga ma nanosecond mazanamazana, ndiye ulendo ukadalipo. Mudzalembeko za ayironi ameneyu, achimwene.