Namwino watsopano mumulipire mwezi womwe wayamba ntchito

Ndakwiya ndipo sindibisa.

Dzulo usiku mwana wa achemwali anga wandiimbira. "Amalume, mundiponyereko kangachepe pa foni, ufa watha." Mwana ameneyu ndi namwino, wa laisensi, woti tsiku lomwe dzina lake linatuluka tinaphera nkhuku. Anamutumiza ku kachipatala ka kumudzi, kutali ndi tala. Anayamba ntchito mvula isanagwe, lero chimanga chamasula, koma ngakhale tambala imodzi ya malipiro sanaionepo. Akafunsa ku ofesi yankho ndi lomwelija: dzina lanu silinalowe pa payroll, musadandaule, mudzalandira zonse pamodzi ngati ma arrears.

Musadandaule? Adye chiyani, ma arrears?

Munthu akayamba ntchito pa 1, pakutha pa mwezi womwewo alandire. Basi. Sindikunena zoti mumugulire galimoto kapena mumumangire nyumba ya matailosi. Ndikunena malipiro ake, omwe munalemba nokha pa kalata ija. Ndi ochepa kale, tonse tikudziwa, ukachotsa lendi, thiransipoti ndi makala otsala sangafike pa 15. Koma ochepawo abwere pa nthawi yake. Mwezi woyamba, malipiro oyamba. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Taganizani mwana woti wangochoka kumene pa sukulu. Kaya wachita zaka zinayi za digiri ku yunivesite ya KUHeS kapena ya Mzuni, kaya zaka zitatu za dipuloma ku Nkhoma, ku Malamulo, ku Ekwendeni, onse amatuluka chimodzimodzi: chikwama chimodzi, matiresi opyapyala a ku hostel, ndi makolo oti anagulitsa mbuzi zonse za m'khola polipira fizi. Kenako alembe mayeso a ku Nurses and Midwives Council. Kenako akhale pakhomo kudikira ma interview. Ntchito ikapezeka mumuuza kuti akafike Lolemba kudera loti sanapondeko chibadwire. Nyumba ya pachipatala mulimo kale anthu. Akasake yekha kachipinda pa trading centre, landilodi akufuna ya miyezi itatu yoyambirira. Yunifomu yoyera, nsapato, mbaula, ndowa, zonse agule yekha. Ndalama zake azitenga kuti munthu woti simunamupatse kalikonse?

Ndikuuzeni komwe akuzitenga. Kwa akatapila. Namwino wa boma akuyamba ntchito ndi ngongole ya katapila, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo ma arrears anuwo akadzafika mwini wake amakhala ali kale pakhomo ndi kabuku kake. Mwana amangoona meseji ya ku banki, pofika madzulo akaunti ili mbee!

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ma arrears ndi fodya wapachala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yoti ukanagulira thumba la chimanga mwezi womwe unaigwirira ntchito, ikamadzabwera mochedwa imagula ndowa. Ndani amabweza kusiyanako? Palibe. Ndiye musamati mwamulipira zonse, mwamudyera.

Mudzandiuza za mafayilo, za siginecha ya bwana yemwe ali ku workshop kunyanja, za system yomwe yagwa. Zimenezo n'zanu. Kalata yomuitana ku ntchito sinasochere, roster ya naiti dzina lake linalowa tsiku lomwelo, nanga bwanji likamafika pa ndalama dzina lomwelo limasowa?

Ndipo kumudziko si kuti akungokhala. Ali yekha usiku, mayi akuchira uku, mwana wa malungo akukomoka uko, magetsi azima, iye wagwira foni ndi mano kuti tochi iwunike pomwe akusoka. Ambulansi akaiitana akuti ilibe mafuta. Kukacha amabwerera ku kachipinda kake kukaphika phala lopanda shuga. Mawa lake inu nomwe mulemba pa Facebook kuti manesi a masiku ano ndi amwano. Sindikuikira kumbuyo mwano, wamwano adzudzulidwe. Koma munthu wanjala, wangongole, woti landilodi wamutsekera chitseko ndi loko, mukufuna azimwetulira bwanji? Mulipireni kaye, kenako mumufunse za nkhope yake.

Ena akuti unamwino ndi maitanidwe, apirire. Pitani mukamuuze wogulitsa ufa pamsika kuti muli ndi maitanidwe, muone ngati akupimireni. A NONM, inu a bungwe loimira anamwino ndi azamba, nkhani iyi ikhale pamwamba pa zonse. Namwino asamakwanitse mwezi wachiwiri osalandira.

Ndiye tizidabwa akamathawa? Tinaziona kale izi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ankapita ku UK gulugulu, mawodi kutsala opanda anthu, mpaka mu 2005 boma mothandizidwa ndi a DFID, nthambi ya chitukuko ya boma la UK pa nthawiyo, linachita kuwonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zachipatala kuti otsalawo asachoke. Phunziro limenelo tinaliiwala. Lero mwana akungodikira kuti akwanitse zaka ziwiri za experience, kwinaku akuwerengera mayeso a chingerezi pa foni kuti naye apite kunja.

Ndipo za locum, maganyu a m'chipatala aja, musandiyambitse n'komwe. Anzake a m'kalasi imodzi ali ndi malaisensi m'zikwama, ntchito palibe, akuti ndalama zolembera anthu kulibe. Koma chipatala chomwecho chikasowa wogwira naiti chimawaitana kuti abwere adzagwire locum, ndalama yake yochepa zomvetsa manyazi, nayonso yobwera mwina chaka chamawa. Wodi ya anthu odzaza mpaka pansi, namwino mmodzi, wina ali kunyumba akugulitsa kaunjika.