Lipenga langa siligula ndiwo, komabe sindilisiya

Loweruka lapitali mlamu wanga anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka lipenga, mavavu onse atatu nditawayala pa thaulo. Anaima kaye n'kumandiyang'ana, kenako anafunsa funso lomwe makutu anga atopa nalo: "Alamu, ndiye chimenechi chimakupatsani zingati pa mwezi?" Nditati palibe, anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Nditabwereza kuti palibedi, ngakhale ya mandasi, nkhope inagwa, n'kuyamba kundimvera chisoni ngati munthu amene wamubera ku depoti.

Ndiye lero ndati ndiyankhe pano kamodzi n'kamodzi, kuti wina akadzandifunsanso ndizingomutumizira zimenezi.

Ndinayamba kuphunzira lipenga ndili ndi zaka 41, ndipo pano ndi chaka chachitatu. Ntchito yanga ndi ya mu ofesi, yowerengetsa manambala tsiku lonse. Sindili mu bandi iliyonse, sindiimba pa ukwati, sindinajambulitse nyimbo ndipo maganizo amenewo ndilibe. Chilakolako chokha ndi chakale. Tili ana ku Ndirande, pa 6 July tinkathamangira ku sitediyamu kukaona perete, ndipo anzanga maso ankakhala pa mfuti ndi nsapato za asilikali. Ine anga ankakhala pa anthu a bandi, makamaka aja onyamula malipenga onyezimira ngati golide. Ndinkadabwa kuti kachitsulo kotere kakutulutsa bwanji mawu odzaza bwalo lonse popanda waya kapena batire. Koma mumtima ndinkadziwa kuti zimenezo ndi za asilikali, apolisi ndi a Salvation Army. Mwana wamba ngati ine sindinaganizeko zoti ndingadzaligwire.

Lomwe ndili naloli ndinagula kwa mnyamata wina amene anabwera nalo kuchokera ku Joni, lakale, lopindika pang'ono kukamwa kwake kwakukulu kuja. Usiku umene ndinafika nalo ndinatseka chitseko, n'kukoka mpweya, n'kupemerera ndi mphamvu zanga zonse. Kunangomveka fuuu, ngati tayala laphwa. Ndinayesanso. Chomwe chinatuluka kachiwiri sindingachilembe pano poti pali akuluakulu, koma ana anga anagwa pansi ndi phwete, ndipo mayi akunyumba anatulukira panja osanena kanthu.

Apa m'pamene ndinadziwira chinthu choyamba chimene anthu ambiri sachidziwa: lipenga palokha sililira. Chimalira ndi milomo yako. Umaifumbata pang'ono n'kutulutsa mpweya kuti injenjemere, ngati mmene mwana amachitira akamayerekeza galimoto, ndipo kachitsulo koika pamilomo kaja, komwe oimba amati mouthpiece, kamatenga kunjenjemerako n'kukulowetsa mu paipi. Paipiyo ataiwongola ndi yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, anangoipinda kuti igwirike. Ntchito yake ndi kukonza ndi kukuza mawu amene milomo yapanga. Milomo ikapanga zonyansa, lipenga limakuza zonyansazo kuti mudzi wonse umve.

Chachiwiri chimene chinandizunguza mutu ndi mavavu. Kiyibodi ili ndi batani la liwu lililonse, ukadina lalira. Lipenga lili ndi atatu basi. Osadina kalikonse ungathe kutulutsa do, so, do wapamwamba, mi, so, kungosintha kafumbatidwe ka milomo ndi liwiro la mpweya. Mavavuwo amangotsegula tinjira towonjezera kuti mpweya uyende mtunda wautali, liwu litsike: yapakati imatsitsa theka la sitepe, yoyamba sitepe yathunthu, yachitatu sitepe ndi theka. Ukaphatikiza umapeza kagwiridwe kasanu ndi kawiri, ndipo nyimbo zonse za padziko zili m'menemo. Tanthauzo lake n'lakuti zala zikhoza kudina molondola koma n'kutuluka liwu lina, chifukwa khutu silinalimve liwulo usanaliimbe. Ife amene tinakulira mu kwaya ya do re mi tili ndi mwayi pamenepa kuposa mmene timaganizira. Mavavu omwewo si akale kwambiri: anatulukira ku Germany cha m'ma 1810, ndipo izi zisanachitike anthu ambiri ankaimba ndi milomo yokha, ngati mmene woliza bugle, lipenga lopanda mavavu, amachitira mpaka lero pa mwambo wokumbukira asilikali mu November pa chipilala cha ku Zomba.

Miyezi inayi yoyamba ndinkadziphunzitsa pa YouTube, bandulo n'kumatha ngati madzi, ine osasuntha. Amene anandiwombola ndi bambo wina wachikulire amene anapuma ntchito ya bandi, ndinakumana naye pa maliro. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndiimbe chilichonse chomwe ndikudziwa. Sindinathe ndi mzere umodzi womwe, anakweza dzanja. "Achimwene, mukulimbana nalo. Mukulikanikiza pamilomo ngati mukukhoma msomali. Taonani pagalasi." Ndinali ndi mkombero wofiira pamlomo, ndipo masaya ndinkawatukumula ngati chule, poti ndinaona zithunzi za Dizzy Gillespie, katswiri wa lipenga wa ku America, akutero. Madalawo anangoti, "Ameneyo anali yekha. Inu tsitsani masayawo."

Mwezi wathunthu sanandilole kuimba nyimbo. Liwu limodzi, kulikoka mpaka mpweya uthe, kupuma, kulikokanso, osagwedera, osakwera, osatsika. Ndinkanyansidwa. Munthu wamkulu, wa ana atatu, kulipira minibasi kukaliza so kwa theka la ola! Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina m'mawa liwu lija linatuluka lozungulira, lodzaza, ngati si ine, ndipo ndinalimva likunjenjemera m'manja ndi m'chifuwa. Ndinakhala pansi kaye. Alamu, ngati mukuwerenga, chimenecho ndiye chomwe limandipatsa, ndipo sindikudziwa kuti ndingachiike pa kwacha zingati.

Tsono ndifike pa mfundo yanga. Kuno kwathu tafika poti luso lililonse liyenera kusanduka geni, apo ayi ndi chibwana. Mtsikana akaphika keke yabwino, tiyambe maoda. Mnyamata akadziwa kujambula, atsegule situdiyo. Ine nditangotha nyimbo zitatu za m'buku, anthu anayamba: bwanji osamaimba pa maukwati mkwatibwi akamalowa, bwanji osapanga kagulu muzibwerekedwa pa zinkhoswe. Sindikuwanyoza. Zinthu zadula, thumba la chimanga silikuseka ndi munthu, ndipo amene amadyera nyimbo ndimawalemekeza kwambiri chifukwa ndaona thukuta lake. Koma bwanji bambo amene amakhala pansi pa mtengo masana onse akutakata bawo sitimufunsa kuti bawo imamupatsa zingati? Bwanji amene amathera Loweruka ndi Lamlungu akukuwira Arsenal ndi Manchester United, anyamata oti sadziwa n'komwe kuti kuli Chilomoni, timamuona wabwinobwino? Ameneyo amalipira dikoda, amagula jezi, ena mpaka kubetcha ndalama ya lendi. Ine ndikagula kabotolo ka mafuta a mavavu, ndiye wosokonekera mutu ndine.

Ena amati zimenezi ndi zachizungu, zosangalatsa anthu okhuta. Amenewo apite ku Nkhata Bay akaonere malipenga, kapena ku Dowa ndi ku Ntchisi akaonere mganda. Agogo athu anaona mabandi ndi maperete a asilikali a King's African Rifles nthawi ya nkhondo, zinawalowa mumtima. Zitsulo analibe, ndalama zogulira analibe. Anatenga zipanda, n'kuboola, n'kumatapo kansalu kopyapyala komwe kangaude amakutira mazira ake, n'kumang'ung'uziramo mpaka chipanda kumalira ngati lipenga. Masiku ano ena amangomatapo kapulasitiki. Gule wa malipenga uja anamutcha dzina la chida chimenechi. Amuna akuluakulu, asodzi ndi alimi, ankachapa ndi kusita makabudula oyera, masokosi mpaka m'mawondo, kukonzekera masabata ambiri, gulu lina lovina, lomwe amalitcha boma, kukapikisana ndi boma linzake. Ankalandira malipiro kwa ndani? Ankachita chifukwa chinali chokoma kuchita, ndiponso kuti mudzi wawo utchuke. Ndiye munthu asandiuze kuti kuliza lipenga chifukwa chongolikonda n'kwachilendo. Ine ndangopeza lachitsulo, lomwe iwo ankalilakalaka.

Palinso aja amati ndachedwa, kuwongola mtengo m'poyamba. Zoona, Hugh Masekela analandira lipenga lake loyamba kwa wansembe Trevor Huddleston ali ndi zaka 14, ndipo Louis Armstrong anaphunzira ali kamnyamata kunyumba yosungirako ana olakwa ku New Orleans. Ine sindidzafika kumeneko ngakhale nditapatsidwa zaka zina 40. Ndinavomera kalekale, ndipo kuvomerako kunandimasula. Palibe mayeso amene ndikukonzekera. Ndikalakwitsa palibe bwana wondilembera kalata. Pa moyo wanga wonse, aka ndi kanthu kokhako komwe ndimaloledwa kukhala mbuli poyera n'kumasangalala nako.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Walira mvula walira matope. Lipenga ndi lansanje kuposa chida china chilichonse chimene ndikuchidziwa. Gitala ungamusiye mwezi n'kumupeza akukudikira. Ili ukalisiya masiku atatu, milomo imakhala ngati wabwereka kwa munthu wina. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha, ndipo ukakakamiza milomo itatopa, mawa lake imadzuka yotupa, osatulutsa kanthu. Limafunanso chisamaliro. Madzi amene amadontha ukatsegula kakiyi kaja anthu amati ndi malovu, koma ambiri mwa iwo ndi nthunzi ya mpweya wofunda yomwe yazizira m'chitsulo, ngakhale kufotokoza zimenezi sikunawagwire mtima mayi akunyumba ataona pa simenti yawo yopolisha. Mafuta a mavavu ndi akeake, opyapyala. Musayese ophikira. Ndinayesa, vavu yachiwiri inamata pakati pa nyimbo. Tsiku lina nditatsuka ndinasinthanitsa yoyamba ndi yachitatu, mpweya osadutsa, ine thukuta kamukamu poganiza kuti ndalipha, osadziwa kuti iliyonse analembapo nambala yake.

Manyazi aakulu ndinawaona kutchalitchi. Anandinyengerera kuti ndithandize kwaya nyimbo imodzi yokha, ine n'kuvomera. Wa kiyibodi anati tiimba mu C, ine ndinagwira C wanga molimba mtima. Zinawombana ngati mabasi awiri. Palibe anandiuza kuti lipenga wamba ndi la B-flat, kutanthauza kuti C wanga amamveka sitepe imodzi pansi pa C wa kiyibodi, ndiye ndikafuna tigwirizane ndiyenera kuimba mu D. Amayi a kutsogolo anatembenuka onse nthawi imodzi. Mnyamata wa kiyibodi anadina ka transpose kake, kosinthira kiyi, mwakachetechete n'kundipulumutsa, ngakhale kabatani kameneko ndili nako mawu, kalemetsa ulesi achinyamata ambiri oti akanadziwa makiyi onse. Komabe tsiku limenelo ndinakathokoza. Patapita milungu ingapo magetsi anazima pakati pa nyimbo, kiyibodi zii, maikolofoni zii, kunatsala ine ndi mawu a anthu. Sindinena zambiri, ndingaoneke wodzitama.

Za aneba ndiye ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa apa olakwa timakhala ife. Munthu wophunzira lipenga ndi chilango kwa amene sanalakwe. Nyumba zathu zalendi n'zogundana, khoma limodzi, wina wachokera ku naiti akufuna kugona, wina ali ndi khanda. Sabata yoyamba agalu a mzere wonse ankandiyankha, ndipo alandilodi anabwera n'kundifunsa ngati ndikufuna kugwetsa mpanda wawo ngati wa ku Yeriko. Anali ndi mfundo. Kukonda chinthu sikukupatsa ufulu wosowetsa anzako mtendere. Ndinazungulira makomo onse anayi n'kugwirizana nawo: ndiziimba pakati pa 5 ndi 6 koloko madzulo basi, Lamlungu masana ayi, ndipo kukagwa zovuta pafupi lipenga limakhala m'bokosi mpaka anthu atabwerako kumanda. Nthawi zina ndimatsegula wadiropu n'kuloza m'zovala kuti mawu amire, kapena kutsekera kukamwa kwake ndi mute wophunzirira, ngakhale ameneyu amalimbitsa mpweya ndipo ukamuzolowera amakuwononga. Ndikafuna kulimasula lonse ndimapita kubwalo la mpira m'mamawa Loweruka, kumene omvera anga ndi mbuzi ndi ana opita kuchigayo.

Anawo ndi amene amandikhudza. Amaima patali, kenako amasendera, kenako wolimba mtima mmodzi amati, "Ankolo, tiyeseko." Ambiri lipenga analiona pa chithunzi m'buku la Expressive Arts basi. Ndinagula mouthpiece yachiwiri chifukwa cha iwowa, ndimayenda ndi kasopo. Kamtsikana kena ka Sitandade 5 kanatulutsa liwu loyera pa ulendo woyamba, chinthu chomwe ine chinanditengera masabata. Ndinamva nsanje, sindibisa. Makolo ake akadzafunsa kuti chidzamupatsa zingati, sindikudziwa kuti ndidzawayankha bwanji mwaulemu.

Panopa ndikulimbana ndi so wapamwamba, uja amakhala pamwamba pa mizere isanu yolembapo nyimbo. Tsiku lina amabwera, masiku awiri osabwera, akabweranso amakhala wowonda ngati udzudzu. Madala aja akuti ndisamusake ndi mphamvu, ndimusake ndi mpweya, ndipo ndikaonetsanso mkombero wofiira pamlomo andibweza pakhomo. Mlamu wanga uja pochoka anatenga lipenga n'kuyesa kupemerera, kunamveka fuuu, analibweza msangamsanga n'kunena kuti ndi lowonongeka.

Amene mukuchokera ku Joni mwezi uno, mundigwirireko mabotolo awiri a mafuta a mavavu, ndikubwezerani. Langa latsala madontho owerengeka, ndipo vavu yachitatu yayamba kale kuchedwa kubwerera.