Ku Joni amayamba akufunsa zomwe ukumwa, kwathu amangokupatsira botolo

Ndabwerako kumudzi sabata ziwiri zapitazo koma mtima wanga sunakhazikikebe. Mayi ndinawapeza miyendo itatupa, mutu ukuwawa usana ndi usiku, mapilitsi awo a BP ali phee m'kabati mwezi wathunthu osakhudzidwa. Nditafunsa, anakatulutsa botolo la pulasitiki, lija timagulira madzi akumwa, lodzaza ndi madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Analigula m'basi pochokera ku Lilongwe. Akuti mnyamata wina wovala tayi anaimirira pakati pa mipando n'kuyamba kulalikira kuti botolo lomwelo limathetsa BP, shuga, zilonda za m'mimba, nyamakazi mpaka kusabereka. Anawauzanso kuti mankhwala a kuchipatala ayambe asiya, chifukwa amalimbana ndi akewo. Pakapepala komata panalibe dzina la mtengo, panalibe mlingo wake, panalibe tsiku lothera mphamvu. Nambala ya foni yokha, ndipo nditaimba sinkapezeka.

M'mawa mwake tinalawirira kuchipatala. Namwino atawayeza anapeza 190 pa 110, ndipo anandiyang'ana ine ngati ndine ndinawamwetsa. Sindinamuyankhe. Ndinkangoganiza kuti mayi akanagwa kudimba ali okha, tikanati ndi ufiti, pomwe mfiti yake inatsika basi kalekale ndi ndalama zawo m'thumba.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'choti mwezi umodzi m'mbuyomo ndinali nditaona zosiyana kotheratu kuno ku Joni. Ndimagwira ntchito yonyamula makatoni ku Germiston, ndiye msana unafika pondikaniza kuwerama. Mnzanga wa ku Zimbabwe anandilozera kwa mayi wina amene amatikita minofu komanso amachita reflexology, kuja amadinikiza malo osiyanasiyana kuphazi poti aliwonse amalumikizana ndi chiwalo china cha m'thupi. Ndinapita ndikuyembekeza zomwe tinazolowera, kuti ndikangolowa andiuza kuti magazi anga ndi akuda, ndigule mabotolo asanu.

Abale anga, mayiyo asanandikhudze n'komwe anandikhazika pansi ndi fomu. Mumamwa mankhwala anji? Muli ndi shuga? BP? Munachitidwapo opaleshoni? Nditanena kuti ndimangomwa ufa wa chammwamba ndi adyo, analemba zimenezonso, n'kunena kuti zitsamba nazo ndi mankhwala, dokotala ayenera kuzidziwa. Kenako anandiuza mosapita m'mbali kuti iye ntchito yake n'kumasula minofu, sachiza msana wothyoka kapena mtsempha wopanikizika, ndipo ululu ukayamba kutsikira kumwendo kapena mwendo ukachita dzanzi ndithamangire kukiliniki, osati kwa iye. Pakhoma panali satifiketi yokhala ndi nambala ya Allied Health Professions Council of South Africa, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1982. Limalembetsa anthu a reflexology, otikita minofu, obaya timasingano ta acupuncture, a homeopathy, a chiropractic, a mankhwala a zomera ndi ena. Akakulakwira uli ndi kokadandaula, ndipo atha kumufufuta m'kaundula.

Ine sindikhulupirira kuti chala chachikulu cha kuphazi chili ndi njira yopita kumutu, ndipo ofufuza sanapeze umboni woti reflexology imachiza matenda. Koma usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato. Mayi yemweyo amachitanso Reiki, imene inayambitsidwa ndi Mikao Usui ku Japan mu 1922. Munthu umagona ndi zovala zako, iye amaika manja pathupi kapena kuwayandamitsa pamwamba, akuti akudutsitsa mphamvu ya moyo. Nditafunsa ngati imeneyo ingandithandize msana, anandiuza yekha kuti Reiki siili pa mndandanda wa bungwe lija, kuti mphamvuyo palibe makina amene anaiyezapo, ndipo ambiri amabwera kudzangopumitsa maganizo. Taganizani, munthu kudzichotsera yekha kasitomala chifukwa cha chilungamo! Kwathu ndani angatero? Kwathu wogulitsa akaona kuti wakayika, amawonjezera matenda ena atatu pa mndandanda.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Joni ndi kumwamba. Aliyense amene wayendapo m'tauni ya Johannesburg akudziwa timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi, tolonjeza kubweza mkazi wothawa, chikwama cha matsenga, kukulitsa zakutizakuti. Ndipo manyazi ake ndi athu, chifukwa ambiri mwa madokotala a pamapolowo amadzitcha ochokera ku Malawi, ena oti Mulanje sanaionepo ndi pachithunzi pomwe. Ku msika wa Faraday makungwa ndi mizu zimagulitsidwa mulu, wopanda pepala lililonse. Dziko lomweli ndi limene nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot pa nthawi imene anthu ankafunika ma ARV, ndipo anthu ochuluka zedi anataya miyoyo. Ndiye iwonso anaphunzira ndi maliro.

Ndivomerenso china. Pa nkhani ya manja, Joni sangatipose. Agogo anga akakuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, bondo lotupa linkaphwa osalipira ndi tambala yomwe. Chimfine chikavuta ankawiritsa masamba a bulugamu, kukufunditsa bulangete kuti ufukize, thukuta kamukamu, m'mawa mphuno zatseguka. Zimene azungu a ku Sandton akulipira mazana a ma rand m'zipinda zonunkhira, agogo ankachita pakhonde. Ndipo agogo ankadziwa malire awo. Mwana akatentha thupi n'kuyamba kukomoka sankataya nthawi ndi nimu, ankati mubereke, tiyeni kuchipatala. Amene atiwonongera dzina si agogo, ndi anyamata a matayi awa amene sadziwa ngakhale mtengo umene akugulitsa.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kofunsa. Kuno ukagula mankhwala a zitsamba mufamase, pabotolo pamalembedwa zomwe zilimo, mlingo wake, ndipo ngati bungwe loona za mankhwala la SAHPRA silinawayeze, pamalembedwanso poyera kuti sanayezedwe. Ukudziwa chimene ukugula. Ukafuna kudziwa za mtengo, pali tsamba la PlantZAfrica la bungwe loona za zomera ndi zachilengedwe la SANBI, lomwe limafotokoza zomera za m'dziko muno, zithunzi zake, kumene zimamera ndi mmene anthu amazigwiritsira ntchito. Ndinayesa ndekha ndi mvunguti. Nditalemba dzina lake la sayansi, Kigelia africana, zinabwera zambirimbiri, mpaka chenjezo loti chipatso chake chosapsa ndi poizoni. Nditalemba kuti mvunguti, zimene zinandichingamira ndi anthu a pa Facebook otsatsa ufa wokulitsa ziwalo. Mayi anga Chingerezi sawerenga, Chilatini ndiye musanene. Nkhani zawo za mankhwala zimachokera pa WhatsApp, mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika amene akuyamba ndi kuti madokotala safuna kuti mudziwe izi.

Sikuti tilibe anthu odziwa. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, kumene amasunga zitsanzo za zomera zathu ndi maina ake. Tili ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Nzeru zilipo, koma zili m'Chingerezi ndi m'mabuku, pomwe wabodza akulankhula Chichewa chomveka bwino m'basi, pamsika ndi pawailesi. Ndikulakalaka kabuku kamodzi kokha ka Chichewa, kopezeka pa foni ndi pachipatala chilichonse, konena kuti chammwamba ndi ndiwo yabwino koma sichilowa m'malo mwa ma ARV, kuti tiyi wa mandimu ndi jinja amafewetsa pakhosi koma sachiza malungo, kuti mwanamphepo amene amapatsa amayi oyembekezera kuti matenda ayambe msanga atha kung'amba chiberekero. Anamwino athu akhala akulira ndi mwanamphepo zaka ndi zaka, koma uthenga wawo umathera m'chipinda chochirira.

Anzathu a ku Zambia sindingawatamande kwambiri, ku Chipata mabotolo ake ndi omwewa, ngakhale asing'anga awo ali ndi bungwe lodziwika la THPAZ. Ku Tete ndimangodutsa pa basi, ndipo zimene ndimaona m'mbali mwa msewu sizisiyana ndi za ku Dedza. A ku Tanzania nawo mu 2011 anakhamukira ku Loliondo kukamwa kapu ya mankhwala a zitsamba ya m'busa Ambilikile Mwasapile, ena atasiya mankhwala awo. Ife tinayamba kale, mu 1995, pamene anthu miyandamiyanda anathamangira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe poti uchiza Edzi. Papita zaka 30, ndipo mchape uja wangosintha chotengera, wachoka m'kapu walowa m'botolo la pulasitiki.

Ndisananyamuke ndinawagulira mayi kamakina koyezera BP, ndipo ndinamuphunzitsa mlongo wanga kagwiritsidwe kake. Tiyi wawo wa mandimu sindinawaletse, ndiwo ya chammwamba akudyabe, koma tinagwirizana kuti chilichonse cha m'botolo chiyambe chaonedwa ndi namwino. Lamlungu lililonse mlongo wanga amanditumizira manambala pa WhatsApp. Lapitali anali 145 pa 90, miyendo yaphwa, ayambanso kupita kudimba. Mu uthenga womwewo anandiuza kuti Lachisanu anakwera basi ya ku Lilongwe, ndipo mnyamata wa tayi uja anakweranso, chikwama chodzaza, n'kugulitsa mabotolo asanu ndi limodzi asanafike pa Nathenje.