Pamaliro si poonetsera zovala

Inu ana athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose muno mu Harare, tamverani kuno. Zimene mwayamba kuchita pa maliro zikutichititsa manyazi. Mnyamata akufika pasiwa ndi jinzi yong'ambika m'mawondo, lamba ali m'munsi mwa matako, chipewa chili kumutu abusa akupemphera. Mtsikana watchena ngati akupita ku ukwati, chitenje alibe, ndiye kukhala pamphasa kwamukanika. Wangoima chiimire, foni m'manja, kujambula bokosi kuti aponye pa Facebook. Kodi kwanu kulibe akuluakulu?

Mukadzudzulidwa mumati zovala ndi nsalu chabe, Mulungu amaona mumtima. Inde, koma anamfedwa si Mulungu. Mtima wanu iwo sauona. Amaona chimene mwavala, ndipo chovalacho n'chimene chimawauza ngati mwadzalira nawo kapena mwadzadzionetsa, inu musanatsegule n'komwe pakamwa kunena kuti pepani. Chitenje cha pamaliro chili ndi ntchito yake: chimabisa kulemera ndi kusauka. Mayi wochokera ku Borrowdale, dera la anthu olemera, ndi mnzake wogulitsa tomato ku Mbare Musika akamanga zitenje ndi maduku n'kukhala pansi, simungadziwe wagalimoto ndi uti. Agogo anu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, anasiya minda ndi abale ku Nyasaland, koma mwambo uwu sanausiye.

Musandinamizire kuti ndikulira lamulo la Kamuzu la 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Linapita ndi chipani chimodzi, lipite. Ndipo anyamata oitanira makombi amene anavula mayi zovala pa Fourth Street mu 2014 anachita zauchinyama, palibe mwambo pamenepo. Mu tauni valani zakumtima kwanu. Ine ndikunena za pakhomo pamene pagona mtembo.

Za umphawi musatchule. Pa kaunjika wa ku Mupedzanhamo malaya abwinobwino alipo, otchipa kuposa jinzi yobookayo. Enanu mukutolako mabuluku amawangamawanga a asilikali. Dziwani kuti lamulo la Zimbabwe silimulola munthu wamba kuvala zimenezo, mudzagona m'chitokosi chifukwa chofuna kutchena.

Wopanda chitenje abwereke kwa azakhali ake asanalowe pachipata. Chipewa chivulidwe, ndipo foni ikhale m'thumba mpaka adzukulu atamaliza kukwirira kumanda a ku Mbudzi.