Lekani kuziziritsa thupi ndi makapisozi a pa okala

Ana anga, ndimvereni, pakuti khalidwe lodzigulira nokha mankhwala likutipweteka ndipo sindingakhale chete. Munthu thupi latentha masabata atatu, usiku akudzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, akuwonda, akubanika akangokwera kachitunda, koma inu mukuti ndi malungo chabe, n'kuthamangira pa okala kukagula makapisozi anayi okulunga m'kapepala. Kodi magazi ake munawayeza ndinu?

Nthawi zina zizindikiro zimenezi zimasonyeza kuti mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, alowa m'magazi n'kukamanga malo pa mavavu a mtima, tizitseko tinayi timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Amalowera pa dzino lovunda ndi nkhama zotuluka magazi, pa chithupsa chofinyidwa ndi manja akuda, pa jakisoni wobwerekana ngakhalenso pa lumo lotemera mphini. Akakhazikika amadya vavuyo pang'onopang'ono, ndipo kachidutswa kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa ku ubongo, munthu amafa ziwalo mbali imodzi, abale n'kuyamba kuloza zala agogo osalakwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti makapisozi anuwo amasokoneza madokotala. Asanayambe kupereka mankhwala, iwo amatenga magazi kupita nawo ku labotale kuti adziwe mtundu wa kachilomboko, pamene timankhwala tochepa mwamwato timangokabisa osakapha. Amajambulanso mtima kuti aone vavu yodwalayo. Mankhwala enieni amadzera m'mtsempha tsiku ndi tsiku kwa masabata 4 mpaka 6, choncho inu amene mumathawitsa wodwala m'chipatala thupi likangozizira, poti kumunda kwachuluka ntchito, dziwani kuti mukumubweza ali ndi matenda ake. Vavu ikawonongekeratu pamafunika opaleshoni yoikapo ina, ndipo thandizo limeneli kwathu kuno ndi losowa komanso lodula.

Makolo, nanunso muli ndi mlandu. Mwana akadandaula zilonda zapakhosi mumangoti zidzatha zokha, chonsecho zilonda zina zikapanda kuchizidwa ndi penisilini zimabala nyamakazi ya mtima, imene imasiya zipsera pa mavavu, ndipo pa zipserapo ndi pamene mabakiteriya amakakamira mosavuta. Mwana amene anamupeza ndi nyamakazi ya mtimayi asamadumphe jakisoni wake wa mwezi ndi mwezi, ndipo akamakazulitsa dzino muziyamba mwawauza a chipatala kuti mtima wake uli ndi vuto.