Chenjezo: Musapusitsidwe ndi Dzina la pa Katoni

Ana anga, chizolowezi chotola phala la mwana m'shopu poona dzina lokha chitheretu. Mukangoona Cerelac, basi mwatsegula chikwama, ati ndi yomweyo akudya ana a ku London. Anakuuzani ndani?

Mu Epulo 2024 mabungwe a Public Eye (la ku Switzerland) ndi IBFAN (loona za zakudya za makanda) anatulutsa zimene anapeza atayezetsa zakudya za ana za kampani ya Nestlé. Cerelac wa tirigu wa mwana wa miyezi 6 wogulitsidwa ku Britain ndi ku Germany analibe shuga wothiramo. Yemweyo ku Ethiopia anali ndi magalamu oposa 5 pa kudya kamodzi, ku Thailand magalamu 6. Phala lokoma ngati bisiketi ku Switzerland linalembedwa kuti mulibe shuga wothiramo, koma ku Senegal ndi ku South Africa munali magalamu 6. Sipuni yaing'ono ya tiyi ndi magalamu 4, ndiye kuti sipuni imodzi ndi theka m'kambale kamodzi ka khanda. Ndipo ku Joni ndi kumene matumba athu ambiri a pa basi amachokera.

Kampaniyo inayankha kuti imatsatira malamulo a dziko lililonse. Vuto lagona pomwepo: fakitale imaphika molingana ndi lamulo la kumene ikugulitsa, ndipo kumene lamulo ndi lofooka, shuga amachuluka.

Tembenuzani katoniyo muwerenge pamene alemba Ingredients. Zinthu zimalembedwa kuyambira chochuluka kufikira chochepa. Mukaona sugar, sucrose, glucose syrup kapena honey pamalo achiwiri kapena achitatu, bwezerani pa shelefu. Poyerekeza makatoni awiri, onani mzere wa magalamu 100, chifukwa muyezo wa kudya kamodzi aliyense amadziikira wake. Nambala ya sugars payokha isakunamizeni, imaphatikiza shuga wachilengedwe wa mu mkaka ndi wothiramo. Onaninso dziko limene anapangira.

Chomvetsa chisoni, ena mwa inu mumathiranso masipuni awiri pamwamba pake kuti mwana asalavule. Lilime likazolowera kutsekemera mwana amakana phala la mgaiwa lansinjiro, mano oyamba amabooka, ndipo kunenepa koipa kumayambira pomwepo. Mpaka miyezi 6 mwana ayamwe bere lokha. Ikakwana, mupatseni likuni phala kapena mgaiwa wothira nsinjiro, dzira ndi masamba osinja, shuga akhale kutali.