Mwana wathu sanadipotedwe, nthawi yake inangotha

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira Loweruka koma mtima ukukana kukhala pansi. Ndilemba basi, wokwiya akwiye.

Loweruka tinali kumudzi, kufupi ndi Chonde, pa mwambo wa chiliza cha malemu mayi athu. Kunabwera anthu ambiri, a mpingo, a kuchimuna, anansi. Nthawi ya nsima itakwana, mwana wa achemwali anga, amene wangobwera kumene kuchokera ku UK, anatenga beseni ndi jagi kukasambitsa m'manja azibambo pansi pa mtengo wa mango. Mwana wa madigiri awiri, chitenje atamanga bwinobwino, kugwada pafumbi monga tinamulerera. Atafika pa bambo wina waimvi, amene Lamulungu amakhala mpando wakutsogolo m'tchalitchi, bamboyo manja ali m'madzi anakweza mawu kuti aliyense amve: "Iwe, paja akuti anakudipota eti? Unawalakwira chiyani azunguwo?" Azibambo ena gwaa, kuseka. Ndinaona jagi ikunjenjemera, madzi n'kudonthera pansi. Mwana anangoti, "Ayi bambo, visa inatha," n'kumaliza mzere wonse mpaka munthu womaliza. Nsima sanadye. Ndinakamupeza kuseri kwa khitchini maso ali psuu, akuti, "Amalume, bola ndikanangotsala konko."

Bola ndikanangotsala konko! Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo. Mwana wachita zinthu mwa lamulo, watuluka m'dziko la eni tsiku lake lisanakwane, tikiti wagula ndi ndalama zake, watsika pa Chileka ndi masutikesi ake awiri ngati munthu, lero akulakalaka akanabisala ngati khoswe m'dziko la eni chifukwa cha pakamwa pa anthu a kwawo. Ine monga mwinimbumba sindingakhale chete.

Mwana wathu sanadipotedwe. Ndibwerezanso kuti amene ali ndi makutu amve: sanadipotedwe. Nthawi imene anamupatsa inatha.

Kudipotedwa tonse timakudziwa kuno ku Mulanje, si nkhani yochita kufunsa. Ndani alibe m'bale amene anagwidwa ku Joni opanda mapepala, kukasungidwa ku Lindela, kubwera pa basi kudzera pa Mwanza atangonyamula jumbo? Iwonso si anthu oseka, anapita kukasaka. Koma izi ndi zina, izo ndi zina. Pepala limene mtsikanayu anali nalo amalitcha Graduate visa. Boma la UK linaliyambitsa pa 1 July 2021. Ukamaliza digiri ku yunivesite ya kumeneko amakupatsa zaka ziwiri zoti ugwire ntchito, wa PhD zaka zitatu. Amakupatsa kamodzi kokha. Saonjezera ngakhale sabata. Tsiku lothera limalembedwa pomwe akukupatsapo, ndipo ine ndinaliona ndi maso anga pa foni yake. Munthu amalowa akudziwa kale tsiku lotuluka. Ndiye kulakwa kwake kuli pati?

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti bambo amene anafunsa funso limeneli anakulira m'minda ya tiyi. Akudziwa bwino lomwe kuti mvula ikayamba, tiyi akaphukira, esiteti imalemba anthu ambiri othyola, dengu kumsana kuyambira m'mamawa. Mvula ikatha masamba achepa, kapitawo amati kontirakiti yatha, tionana chaka chamawa. Kodi mayi amene wabwerera kunyumba nyengo itatha timati wachotsedwa ntchito chifukwa chakuba? Timamuseka pamaliro? Ayi. Timati nyengo yatha. Tikaoloka pa Muloza kukagula chimanga ku Milange, timabwerera nthawi ya chiphaso isanathe, ndipo palibe amene amati a ku Mozambique atithamangitsa. Nanga za ku UK zokha n'chifukwa chiyani mukufuna zikhale za manyazi?

Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero kalekale. Dzuwa likatuluka amakamuka. Inu mumafuna mame akhale mpaka masana?

Ena ayamba kale, ndikudziwa: "Nanga anzake akutsala bwanji?" Mverani. Kuti utsale zaka ziwiri zija zikatha, pamafunika bwana amene ali ndi chilolezo cha boma cholemba alendo, avomere kukusainira, alipire ndalama zake kuboma, ndipo malipiro ako afike pa mlingo umene boma linaika. Mlingo umenewo unali mapaundi 26,200 pachaka. Mu April 2024, mwana wathu ali pakati pa zaka zake ziwiri, anaukweza kufika 38,700. Mu July 2025 anaukwezanso kufika 41,700. Ongomaliza kumene sukulu amawatsitsirako ndithu, komabe bwana akaona mapepala ndi ndalama zimene ataye, amangolemba mwana wa konko amene safuna chilolezo. Mpira uli mkati, eni bwalo akusuntha golo. Ndale zawo za mavoti, aliyense akufuna aoneke kuti wachepetsa alendo, izo n'zawo. Koma musandiuze kuti mwana wathu ndi waulesi kapena anapalamula. Makalata ofunsira ntchito amene anandionetsa pa kompyuta yake, ndinatopa kutsitsa. Kangapo konse anafika mpaka pa intavyu yomaliza, akangotchula za visa, zii.

Ndipo musaganize kuti zaka ziwirizo amapatsa ulere. Mu 2025 kufunsira kokha kunali mapaundi 880, kuonjezera apo ndalama ya chipatala mapaundi 1,035 pa chaka chilichonse, yolipiriratu yonse pamodzi. Pafupifupi mapaundi 3,000 usanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Iye analipira zocheperako chifukwa anafunsira mitengo isanakwere, koma zinali ndalama ndithu, ndipo thandizo la boma limene eni dziko amalandira akasowa ntchito, iye samaloledwa kulikhudza. Anagwira ntchito yosamalira okalamba, usiku, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, digiri ili m'sutikesi. Masana kulemba makalata. Ndi ndalama za manja amenewo anabweza ngongole imene tinatenga pomutumiza, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ife tonse titagwira m'mutu. Malata amene namondwe wa Freddy anasasula pa nyumba ya mayi ake mu March 2023 anagula ndi iyeyo. Ngakhale simenti ya chiliza chimene munabwera kudzadyera nsimacho, bambo, theka anapereka ndi mwana amene munamuchititsa manyaziyo. Munadya thukuta lake, pakamwa pomwepo n'kumunyoza nacho.

Sanadipotedwe. Anamaliza nthawi yake, anabweza ngongole, anabwera kwawo.

Mukanakonda chiyani kodi? Kuti atsale mozemba? Tinene zoona, chifukwa ndi zimene ambiri mumatanthauza mukamati "ochenjera sabwera". Munthu akapitirira tsiku lake kumeneko saloledwa kugwira ntchito, saloledwa kuchita lendi nyumba, amagona pa mpando kwa anzake, amagwira maganyu pa dzina la munthu wina, akaona galimoto ya apolisi mtima phaa. Mayi ake akamwalira maliro amaonera pa foni, chifukwa akatuluka sadzalowanso. Akagwidwa amaletsedwa kubwererako kwa zaka. Ndiye kudipotedwa kwenikweniko kumeneko. Mwana wathu pasipoti yake ndi yoyera. Mawa atapeza sukulu ina kapena ntchito, ku UK konko kapena dziko lina, akhoza kufunsira mutu uli m'mwamba. Koma kwa inu wobisala ndiye dolo, wobwera mwaulemu ndiye wolephera. Maganizo otani amenewa? Ndi pakamwa pathu pomwepa tikukankhira ana athu m'mavuto. Mwana ali kunja akuwerenga masiku, akudziwa kuti akabwera akamufunsa pagulu kuti unalakwa chiyani, ndiye amasankha kusowa. Kenako timadabwa kuti ana a masiku ano akapita sabwera.

Amene amapita pa sikolashipu ya boma la UK yotchedwa Chevening amachita kusainira kuti akamaliza abwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Iwonso mudzati adipotedwa? Ku America ambiri amapatsidwa miyezi 12 yokha akamaliza, a za sayansi ndi uinjiniya amawaonjezera miyezi 24. Ku Germany miyezi 18 yofufuzira ntchito. Kulikonse pali wotchi. Ku UK komweko pepala ngati limeneli linaliko kale, analithetsa mu 2012 Theresa May ali nduna ya za m'dziko, n'kudzalibweretsanso patatha zaka 9. Panopa alengeza kuti ofunsira kuyambira pa 1 January 2027 azipatsidwa miyezi 18, osatinso zaka ziwiri. Ndiye kuti ana obwerera achuluka, sachepa. Ana a ku Chitakale, a ku Limbuli, a ku Luchenza, ena mwa iwo omaliza pa yunivesite ya MUST pa Ndata pompa amene makolo akugulitsa minda kuti akawonjezere maphunziro kunja. Onsewa muziwalandira ndi funso lomweli? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo inu muli ndi adzukulu.

Ndikuvomera, nanenso tsiku limene ananyamuka ndinkaganiza kuti basi wapita, azingotitumizira. Palibe anatifotokozera kuti pepalalo lili ndi malire, tinadziwa iye atatiuza. Koma titadziwa tinamva. Munthu wamkulu ukapanda kudziwa chinthu umaitana mwana pambali, umati mwanawe, tandiuza, zinayenda bwanji kumeneko? Osati kukuwa pagulu, mwana atagwada, manja ako ali m'madzi amene iye wakutungira. Ulemu umenewo anakupatsani inu, inu munamubwezera chiyani? Achemwali anga kuyambira tsiku limenelo sakupita kuchigayo, akutuma ana, akuti amayi akumeneko ayamba kale kunong'ona kuti mwana uja anabwera ndi apolisi. Apolisi ake ati? Ine ndinali pa Chileka, ndinamunyamulira chikwama ndi manja angawa.

Ndipo si kumudzi kokha ayi, ophunzira omwe ali ndi matenda omwewa. Mwezi watha bungwe lina ku Blantyre linamuitana ku intavyu. Anadzuka 4 koloko, minibasi mpaka ku Limbe, ina kulowa m'tauni, thiransipoti yokongola kwa mayi ake. Anthu atatu avala mataye, mapepala ake ali patebulo, digiri ya za umoyo wa anthu, zaka ziwiri akusamalira odwala. Funso loyamba silinali la ntchito. Akuti, "Anzanu akuthawa dziko lino, inu mwabwereranji? Kunachitika chiyani?" Anthu omwewa tsiku lililonse ali pa wailesi kudandaula kuti ophunzira akuthawira kunja, dziko likusowa akatswiri. Katswiri wabwera yekha, wakhala pampando patsogolo panu, mukumufunsa ngati wakuba. Anamuuza kuti amuimbira pakatha sabata ziwiri. Lero ndi sabata yachisanu, foni ili pa chaja usiku ndi usana, ndipo ya thiransipoti ija mayi ake sanabwezeredwe.